Kuyezetsa khomo la chiberekero ndi ukhondo wa kumaliseche: zimene amayi amafunsa

Unduna wa Zaumoyo uli ndi ndondomeko yoti amayi aziyezedwa khomo la chiberekero asanayambe kumva kupweteka kulikonse. M'zipatala za boma kuyezaku n'kwaulere. Komabe ambiri amafika matenda atapita kale patali. Nthambi yofufuza za khansa ya WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, inayerekeza kuti mu 2020 amayi oposa 4,000 m'Malawi muno anadwala khansa ya khomo la chiberekero, ndipo pafupifupi 3,000 anamwalira nayo. Chimene chimandiwawa n'chakuti iyi ndi khansa yopeweka. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amayi amanong'onezana pamjigo, kusikelo ndi pamzere wa kuchipatala.

Ine ndimadzisamalira, ndimasamba m'thupi m'mawa ndi madzulo. Khansa imeneyi ingandipeze bwanji?

Mayi, khansa ya khomo la chiberekero siyamba chifukwa cha uve. Imayamba ndi kachirombo kotchedwa HPV, kamene anthu amapatsirana pogonana, ngakhale pongokhudzana khungu la kumaliseche. N'kofala kwambiri moti anthu ambiri amene anagonanapo amakatenga nthawi ina pamoyo wawo osadziwa, ndipo nthawi zambiri thupi limakagonjetsa lokha. Kwa amayi ena kamakhazikika pakhomo la chiberekero n'kumasintha minofu ya pamenepo pang'onopang'ono. Mitundu iwiri ya kachiromboka, 16 ndi 18, ndiyo imayambitsa pafupifupi 70 mwa khansa 100 zilizonse za mtunduwu.

Kuti kusinthako kufike pokhala khansa pamatenga zaka 15 mpaka 20. Kwa mayi amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika, monga amene ali ndi HIV koma sakumwa mankhwala, zaka 5 mpaka 10 zimakwana. Zaka zonsezi sipamveka ululu, sipatuluka fungo, ndipo sopo safikapo. N'chifukwa chake mayi waukhondo ndithu, wa mwamuna mmodzi, wopemphera, nayenso ayenera kukayezetsa.

Nanga kutawasa koyenera ndi kotani? Anatilangiza kuti tizipisa chala n'kuchotsa zonse za m'kati.

Apa ndikutsutsana nawo malangizowo, ngakhale anachokera kwa akuluakulu amene ankatifunira zabwino. Njira ya abambo imadziyeretsa yokha. M'kati mwake mumakhala tizilombo tabwino timene timachititsa kuti mukhale mowawasira pang'ono, ndipo kuwawasako n'kumene kumalepheretsa tizilombo toipa kuswana. Mukalowetsamo sopo, madzi a mandimu, mchere, mankhwala ochapira kapena zonunkhiritsa, mumapha tabwinoto. Pakapita masiku ochepa kumayamba kuyabwa ndi fungo, mayi n'kuganiza kuti sanatsuke mokwanira, n'kuwonjezeranso sopo. Vuto limakulirakulira motero.

Tsukani kunja kokha ndi madzi oyera. Ngati mukufuna sopo, akhale wamba wosanunkhira, ndipo athere kunja komweko. Pukutani ndi kansalu kanukanu kouma. Mukachoka kuchimbudzi muzidzipukuta kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, kuti tizilombo ta m'chimbudzi tisafike kunjira ya mkodzo. Panti akhale wa thonje, wosathina, ndipo mukachapa muyanike padzuwa.

Zouma ndi zitsamba zimene ena amaika kuti njira iume kapena ichepe ndizo zoopsa kwambiri. Khungu la m'katimo n'lofewa. Likauma limang'ambika pogonana, ndipo timabala tosaoneka ndi maso timeneti ndi khomo la HIV ndi matenda ena opatsirana.

Ndani ayenera kuyezetsa, ndipo kangati?

Ndondomeko ya kuno imayang'ana kwambiri amayi a zaka 25 mpaka 49 amene anayamba agonanapo, kaya ali pabanja, kaya banja linatha, kaya ndi amasiye. Ngati anakuyezani popaka viniga pakhomo la chiberekero n'kupeza kuti muli bwino, malangizo a WHO ndi oti mubwererenso pakatha zaka 3. Anamwino amalemba tsikulo m'buku lanu la kuchipatala, choncho musalisiye kunyumba.

Mayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chochuluka ka 6 kuposa amene alibe. Ameneyu atsatire tsiku limene amuuza kumene amalandirira ma ARV, ndipo m'zipatala zambiri kuyezaku kumachitikira pafupi pomwepo. Amene anasiya kusamba asadzichotsere okha. Apite akafotokoze, chifukwa pamsinkhu umenewo malo ofunika kuwaona amakhala atalowa m'kati ndipo viniga saonetsa bwino, kotero achipatala amasankha njira ina.

Kupatula zipatala za boma, zipatala zambiri za mishoni ndi za Banja La Mtsogolo zimayezanso, koma kumeneko funsani kaye ngati pali cholipira.

M'chipindamo mumachitika chiyani kwenikweni?

Namwino amayamba ndi mafunso: munasamba liti komaliza, muli ndi ana angati, mukugwiritsa ntchito njira yanji yolera, munayezetsa liti magazi. Kenako mumavula panti n'kugona chagada pabedi, mawondo opinda, chitenje chanu chili chofunda pamimba ndi m'ntchafu. Amalowetsa kachipangizo kooneka ngati mlomo wa bakha, kamene kamatsegula njira pang'ono kuti khomo la chiberekero lioneke akawalitsa tochi. Kamazizira, ndipo mumamva kukankha, koma mukamasula thupi n'kumapuma mozama sikapweteka kwenikweni. Akatero amanyowetsa thonje m'viniga wosungunula, n'kupaka pakhomopo, n'kudikira mphindi imodzi. Ena amamva kunyerenyetsa pang'ono. Khomo labwinobwino limakhalabe lofiirira. Pamene minofu yayamba kusintha pamayera, malire ake n'kumaoneka bwino. Zotsatira mumazimva musanadzuke n'komwe.

M'zipatala zina muli njira yatsopano yofufuza kachirombo ka HPV kenikeniko. Amakupatsani kamtengo kokhala ndi thonje kunsonga, mumalowa panokha, n'kupukuta m'kati, n'kubweza m'kabotolo kuti akapime pamakina. Kwa amene manyazi ndiwo amawaletsa, ndi bwino kufunsa ngati njirayi ilipo. Kupemphanso kuti akuyezeni namwino wamkazi si mwano.

Ena amati amatulutsa chiberekero panja, ndipo ukayezetsa subereka.

Si zoona. Chiberekero sichikhudzidwa, amangoona pakhomo pake. Amayi amatenga pakati bwinobwino atayezedwa, ngakhalenso atalandira chithandizo chopsereza malo amene minofu yayamba kusintha pakhomopo.

Ndikonzekere bwanji? Nanga ndikakhala kumwezi kapena ndili woyembekezera?

Sambani monga mwa masiku onse. Musapise chala, musaikemo mankhwala kapena zitsamba, chifukwa namwino amafuna aone mmene mulili. Kumeta si lamulo. Ngati magazi a msambo akutuluka ambiri, dikirani athe kaye kuti khomo likaoneke bwino. Koma ngati magaziwo ndi osaleka kapena obwera nthawi yosakhala yake, pitani momwemo. Woyembekezera anene poyambirira, popeza chithandizo chopsereza sichiperekedwa kwa mayi wapakati, chimadikira achire.

Akapeza poyera, ndiye kuti ndili ndi khansa?

Ayi, ndipo mfundo imeneyi muigwire bwino, chifukwa amayi ena amangomva kuti "tapeza kanthu" n'kuthawa osabweranso. Poyerapo nthawi zambiri ndi chizindikiro choti minofu yayamba kusintha, khansa isanayambe. Apa ndiye pochizika mosavuta.

Pakakhala pang'ono, amathana napo tsiku lomwelo. Njira yofala masiku ano ndi yopsereza ndi kachitsulo kotenthetsedwa kufika madigiri 100, kamene amakagunditsa pamalopo kwa masekondi 20 kapena 30 nthawi imodzi. Chipatala cha Nkhoma ku Lilongwe chinali m'gulu la zoyamba kugwiritsa ntchito njirayi kuno, kuyambira mu 2013. Njira yakale ndi yoziziritsa malowo ndi mpweya mpaka aume gwa. Zonse ziwiri sizifuna kugonekedwa, mumangomva kupotokola ngati kwa msambo. Pakakhala potakata amakutumizani kuti akadule kachigawo kakang'onoko ndi kawaya kamagetsi. Akakayikira khansa yeniyeni amatapa kanyama kuti kakapimidwe, ndipo mumatumizidwa kuzipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central kapena Mzuzu Central.

Akandipsereza, malamulo ake ndi otani kunyumba?

Pakhomo la chiberekero pamakhala bala, ndipo limafuna pafupifupi mwezi kuti lipole. M'masabata amenewa mumatuluka madzimadzi, nthawi zina osakanikirana ndi timagazi. Musadabwe nazo, ndi mmene balalo limapolera. Valani padi kapena nyanda yoyera, muzisintha ikanyowa, ndipo m'kati musalowetse kanthu kalikonse, ngakhale chala potawasa.

Lamulo lovuta ndi la kuchipinda: osagonana kwa masabata 4, kapena kuposerapo ngati achipatala atero. Amayi ambiri amaopa kukanena zimenezi kunyumba, poganiza kuti bambo akwiya kapena ayamba kuyenda. Ndi bwino kupita nawo bambowo kuchipatala kuti akamve okha kwa namwino. Inu abambo amene mukuwerenga, mwezi umodzi si wautali poyerekeza ndi kulera ana nokha. Kugonana bala lisanapole kumayambitsa magazi, kumalowetsa matenda, ndipo ngati mmodzi ali ndi HIV kupatsirana kumaphweka. Zikakanikiratu, kondomu isalephere.

Bwererani kuchipatala msanga mukamva kutentha thupi ndi kuzizidwa, kupweteka kwambiri m'munsi mwa mimba, mukaona chikazi chonunkha ngati mafinya, kapena magazi ochuluka kuposa a msambo. Ngakhale zonse ziyende bwino, amakuonaninso pakatha chaka.

Chikazi chabwinobwino ndi chotani? Nanga mauka?

Mayi aliyense amatulutsa chikazi, ndipo si matenda. Chabwinobwino chimakhala choyera kapena chooneka ngati madzi, chosanunkha kwambiri, chosayabwa. Chimasintha ndi masiku a mwezi: pakati pa misambo iwiri chimatanuka n'kumaterera, masiku ena chimalimbirapo.

Chikakhala choyera cha zibuluma n'kumayabwa kwambiri, kawirikawiri ndi fangasi, amene amakonda kuvuta amayi apakati, odwala shuga ndi amene angomaliza kumwa mankhwala opha tizilombo. Chotuwa, chamadzi, cha fungo la nsomba chimasonyeza kuti tizilombo tabwino tija tachepa. Chachikasu kapena chobiriwira, cha thovu, nthawi zambiri ndi matenda opatsirana pogonana, ndipo pamenepo bambo nawonso alandire mankhwala, apo ayi mudzangobwezerana. Zonsezi kumudzi timaziphatikiza n'kuti mauka, koma mankhwala ake ndi osiyana, n'chifukwa chake kugula makapisozi pagolosale sikuthandiza. Kudula mauka ndi lezala ndiye musalole n'komwe. Kumasiya mabala, kumataya magazi, ndipo choyambitsa kuyabwacho chimatsala momwemo.

Ndilibe ndalama ya mapadi mwezi uliwonse. Nyanda ndi yoipa?

Nyanda si yoipa ikakhala ya thonje, yochapidwa ndi sopo, youma bwino. Cholakwika n'kuiyanika mobisa, kuseri kwa chitseko kapena pansi pa mphasa, kumene imakhala yachinyezi mpaka mwezi wotsatira. Iyanikeni padzuwa. Ngati mukuchita manyazi, phimbani ndi kansalu kopyapyala pachingwe pomwepo. Kaya ndi padi kaya nyanda, isapitirire maola 6 musanasinthe.

Mwana wanga wamkazi akuti abayidwe katemera kusukulu. Si wolera ameneyu?

Si wolera, ndipo saletsa kubereka. Ndi katemera woteteza ku HPV. Kuno anayamba kumuyesa mu 2013 m'maboma a Zomba ndi Rumphi, kenako mu Januwale 2019 anafalikira dziko lonse kuyambira ndi atsikana a zaka 9. Amaperekedwa ali aang'ono chifukwa amagwira bwino ntchito mwana asanakumane ndi kachiromboka. Mtsikana amene sali pasukulu kapena anajomba tsikulo, funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kuti akalandire kuti. Wobayidwa katemera adzafunikabe kuyezetsa akadzakula, popeza katemerayu sateteza ku mitundu yonse ya HPV.

Ndi zizindikiro ziti zimene sindiyenera kudikira nazo tsiku lolembedwa m'buku?

Magazi otuluka mukatha kugonana, magazi obwera pakati pa misambo, magazi alionse kwa mayi amene anasiya kale kusamba, chikazi chamadzi chonunkha chimene sichikumva mankhwala, ndiponso kupweteka kwa m'chiuno kapena msana kosaleka, makamaka kukaphatikizana ndi kuwonda kapena kutupa mwendo umodzi. Zimenezi zikhoza kuyamba ndi matenda enanso, koma wosiyanitsa ndi wachipatala. Mukafika, musangonena kuti m'mimba mukupweteka n'kulandira panado. Nenani momveka kuti magazi akutuluka liti ndiponso kuyambira liti, ndipo pemphani kuti akuoneni khomo la chiberekero tsiku lomwelo.