Modemu ikasiya kutumiza, musathamangire kunena kuti ndi netiweki

Abale anga amene mumagwira ntchito zamagetsi kuno ku Joni, pali kachipangizo kamene mumakumana nako pafupifupi tsiku lililonse. Kali mu alamu ya m'nyumba ku Randburg, kali m'bokosi lotsegulira geti ndi foni, kali mu tracker ya thiraki yopita ku Blantyre, kalinso m'makina olipirira ndi khadi m'mashopu a ku Mayfair. Ndi modemu. Imagwira ntchito ya foni ndithu, kungoti ilibe sikirini kapena mabatani, ndipo amene amaiuza chochita ndi kakompyuta kakang'ono kamene kali nayo pabolodi limodzi. Mayina amene muwaone kawirikawiri ndi SIMCom, Quectel ndi u-blox.

Chipangizo chotere chikangokhala chete, aliyense amati netiweki yavuta. Simukhadi ya Vodacom imachotsedwa, kulowa ya MTN. Zikakanika, amagula modemu ina. Ndalama zapita, kasitomala wakwiya, vuto lili pomwepo. Chimandipweteka n'chakuti modemuyo imadziwa pamene yakanirira ndipo imanena, bola munthu aifunse mwadongosolo.

Chilankhulo chake ndi chakale. Chinayamba mu 1981 ndi modemu ya kampani ya Hayes, ndipo mpaka lero lamulo lililonse limayamba ndi zilembo ziwiri, AT. Mumalumikiza laputopu ku modemu ndi kachingwe ka USB to serial, waya wa TX (wotumiza) kupita ku RX (wolandira), wa RX kupita ku TX, osaiwala wa ground. Liwiro nthawi zambiri ndi 115200. Mukalemba AT, iyo imayankha OK. Ikapanda kuyankha, yambani mwatembenuza mawaya awiriwo, kenako onani ngati phazi loyatsira modemu la PWRKEY lalumikizidwa ku ground nthawi yokwanira kuti modemu idzuke. Samalaninso kuti mapazi olankhulira a Quectel EC25 amayendera 1.8V, choncho kuwalumikiza mwachindunji ku kakompyuta ka Arduino ka 5V ndi kuiwotcha.

Tsopano nkhani ya mphamvu yamagetsi, imene ine ndimaiona kuti ndi gwero la mavuto ambiri. Titenge modemu ya SIM800L, yomwe ambiri amaphunzirirapo chifukwa ndi yotchipa. Imafuna pakati pa 3.4V ndi 4.4V. Ikangokhala imadya pang'ono kwambiri, koma pa 2G situmiza mosalekeza ayi. Imatumiza modukizadukiza: kwa 577 microseconds imakoka mphamvu yofika 2A, kenako imapuma, ndipo zimenezi zimabwerezedwa pa 4.6 milliseconds iliyonse. Ngati mawaya ndi aatali ndi opyapyala, kapena regulator, kachipangizo kopatsa modemu magetsi pa mlingo woyenera, ndi yofooka, mphamvu imagwa pa kanthawi kameneko ndipo modemu imazima n'kuyambiranso. Multimeter siona zimenezi chifukwa imawerenga mochedwa. Ikuonetsani 4.0V bwinobwino pamene modemu ikukomoka kangapo pa mphindi.

Chizindikiro chake n'chodziwika. Modemu imayaka, imayankha OK, imayamba kufunafuna netiweki, ndipo ikangofika poti ilankhule ndi nsanja, imayambiranso. Pabenchi ku workshop ikhoza kugwira bwino, koma mukakaiika m'chipinda chapansi cha nyumba yosanja ku Hillbrow n'kuyamba misala. Chifukwa chake n'chakuti nsanja ikamamva modemu movutikira imailamula kuti ikweze mphamvu, mpaka 2W pa 900 MHz. Ndiye malo a netiweki yofooka amaulula vuto la magetsi limene linabisala, ndipo munthu amaloza chala netiweki.

Mankhwala ake si odula. Mawaya akhale aafupi ndi onenepa, regulator ikhale yopirira 2A kapena kuposa, ndipo pafupi penipeni ndi mapazi a modemu pakhale capacitor yaikulu, ya 470 mpaka 1000 microfarads. Capacitor ili ngati ndowa yoikidwa pansi pa mpopi wodontha: mpopi sungakupatseni madzi ambiri nthawi imodzi, koma ndowa ikadzadza mumatunga mokwanira. Doko la USB wamba limapereka 500mA basi, musadalire limenelo. Ndipo mu alamu ndi m'mageti musaiwale batire lija la 12V 7Ah. Kuthimathima kwa magetsi, kumene kunafika poipa mu 2023, kunatopetsa mabatire ambiri, moti ena amaoneka odzadza koma akangosenza katundu amagwa.

Mphamvu ikakhala bwino, funsani za simukhadi ndi AT+CPIN? Yankho lofunika ndi READY. Ikati SIM PIN, ikani khadi mufoni muchotse nambala yachinsinsi. Ikabweza ERROR, kawirikawiri khadi silinakhale bwino m'malo mwake kapena mwalowa chinyontho.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa nkhaniyi imakhudza ife obwera. Lamulo la RICA limafuna kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe m'dzina la munthu kapena kampani. Ndikupemphani, achimwene, musaike m'chipangizo cha kasitomala khadi logula pamsewu lolembetsedwa kale m'dzina la munthu wosadziwika, ndiponso musalembetse m'dzina lanu. Tsiku lina mudzapita kumudzi, khadi lidzafunika kusinthidwa, ndipo mwini nyumba adzasowa pogwira. Lilembetsedwe m'dzina la mwini chipangizo. Mumuuzenso kuti bandulo imatha nthawi yake ikakwana, ndipo khadi lolipiriratu likakhala miyezi ingapo osagwiritsidwa ntchito, kampani imalitseka n'kupereka nambala kwa wina.

Kenako AT+CSQ, lamulo lofunsa mphamvu ya netiweki imene modemu ikumva. Nambala yoyamba imachokera pa 0 kufika pa 31, ndipo 99 ndiye kuti modemu sikumva kalikonse. Kuti mupeze dBm, muyeso wa mphamvu ya mafunde, chulukitsani nambalayo kawiri n'kuchotsapo 113, motero 10 ndi -93 dBm. Pansi pa 10 ine sindichoka pamalopo ndisanakonze. Nthawi zambiri eriyo imakhala yatsekeredwa m'bokosi lachitsulo limodzi ndi bolodi, kapena kamutu kake kakang'ono ka u.FL kasomphoka. Boolani bokosi, tulutsani eriyo kunja, italikirane ndi chitsulo ndi mawaya a mpanda wamagetsi.

Funso lotsatira ndi AT+CREG? pa 2G ndi 3G, kapena AT+CEREG? pa 4G. Yang'anani nambala yachiwiri. Ikakhala 1, modemu yalandiridwa pa netiweki yakwawo. 2 ndiye kuti ikufunafunabe. 3 ndiye kuti netiweki yaimva koma yaikana, ndipo apa musavutike ndi eriyo, vuto lili pa khadi kapena pa akaunti. Nambala 5 imatanthauza kuti yalandiridwa ngati mlendo pa netiweki ya kampani ina. Olemba mapulogalamu ambiri amangoyembekeza 1, n'kuiwala 5. Tracker yotero imagwira bwino mumsewu wa N1 monse, koma thiraki ikangooloka malire a Beitbridge imati palibe netiweki, ngakhale modemu yalumikizika kale. Ulendo wonse wodutsa Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka ku Mwanza, mwini katundu sadziwa pamene galimoto yake ili. Kuti mudziwe netiweki imene yagwira, lembani AT+COPS? Nambala ya netiweki ikayamba ndi 655 ndiye kuti ndi ya South Africa, 648 ndi Zimbabwe, 643 ndi Mozambique, 650 ndi kwathu. Kumbukirani kuti khadilo liyenera kukhala lololedwa kugwira ntchito kunja, apo ayi mudzaona 3.

Kulandiridwa pa netiweki si kukhala pa intaneti. Pamafunika APN, dzina la khomo lolowera pa intaneti, yomwe imaikidwa ndi AT+CGDCONT. Pa makhadi wamba a Vodacom ndi MTN, APN ndi internet, koma makhadi a makampani a alamu ndi tracker amakhala ndi yawoyawo, ndipo chilembo chimodzi chikalakwika palibe chimene chidutse. Chinanso, khadi wamba silipatsidwa adiresi yoti munthu wakunja n'kulipeza. Chipangizo ndicho chiyenera kuyamba kuitana seva. Chikakhala chete nthawi yaitali, netiweki imaiwala njirayo mwakachetechete, modemu n'kumaganiza kuti idakalumikizidwa. N'chifukwa chake mu MQTT, njira imene zipangizo zimatumizira mauthenga ku seva, muli keepalive, kauthenga kakang'ono kotumizidwa pafupipafupi kuti njira isatsekeke.

Amene mukufuna kupanga chipangizo chatsopano, ganizani kawiri musanagule modemu ya 2G yokha. Mu 2024 boma la South Africa linalengeza cholinga chozimitsa 2G ndi 3G pofika kumapeto kwa 2027. Kaya tsikulo lisuntha kapena ayi, makampani akupereka kale mafunde ambiri ku 4G ndi 5G, ndipo kampani ya Rain sinakhalepo n'komwe ndi 2G. SIM800L ndi yabwino pophunzira, koma pa chinthu choti chikhale pakhoma zaka zambiri ine ndimasankha ya 4G ya mtundu wa LTE Cat 1. Pogula, werengani chilembo chakumapeto kwa dzina. EC25-E ndi SIM7600E zinapangidwira mafunde a ku Ulaya ndi kuno kwathu, pamene EC25-A ndi SIM7600A ndi za ku North America. Mukalakwitsa apa, modemu idzayankha OK tsiku lonse osapeza 4G. Ngati mukufuna kugulitsa chipangizocho, chimafunikanso chilolezo cha ICASA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi ku South Africa.

Chomaliza ndi chimene ndimalimbana nacho kwambiri ndi achinyamata olemba mapulogalamu. Netiweki idzaduka ndithu. Magetsi akathima nthawi yaitali, mabatire a pa nsanja amatha, ena amabedwa, ndipo mphenzi za dzinja la kuno si zamasewera. Pulogalamu yabwino imayembekezera zimenezi. Kulumikizana kukaduka, iyesenso pakapita masekondi ochepa, ikalephera idikire nthawi yotalikirapo, n'kumawonjezera mpaka mphindi zingapo. Kuyesa mosapumira kumamaliza batire ndi bandulo. Pabolodi pakhalenso njira yoti kakompyuta kathe kudula magetsi a modemu n'kuwabwezera, chifukwa modemu ikauma mutu simva lamulo lililonse la AT, ndipo palibe amene adzakwere makwerero usiku kukazula waya. Pa kuduka kulikonse, chipangizo chisunge nthawi, nambala ya CSQ, ya CREG ndi mphamvu ya batire, kenako chizitumize ku seva chikalumikizikanso. Ndi manambala anayi amenewo mumadziwa muli kunyumba ngati mupite ndi batire, eriyo kapena simukhadi.