Madzi a mvula ku Salima: kumene mkangano wa ngalande ndi udzu udachokera

Mvula ikachezera usiku wonse mu Januwale, m'mawa mwake anthu a m'tauni ya Salima amaiwala moni. Wina amatulukira pageti thalauza atapinda, n'kuyamba: "Achimwene, madzi anuwa mwawalozetsa pakhomo panga bwanji?" Winayo naye sachedwa: "Nanga ine ndiwamwe? Achokera kumtundaku." Mukawatsata madziwo kuti muone kumtunda komwe akunenako, mupeza kuti kulibe mtunda weniweni. Pali mpanda wa munthu wina yemwe adathira dothi papoloti pake kuti pakwere pang'ono kuposa pa mnzake.

Vuto la Salima limayambira pa malo pomwe tauniyi idakhala. Kuchokera ku Lilongwe, komwe ndi kokwera kuposa mamita 1,000, msewu umangotsetsereka mpaka kufika pachidikha cha m'mbali mwa nyanja. Tauni ili pa mamita cha m'ma 500, nyanja ya Malawi ili cha pa 474, ndipo pakati pake pali mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kukafika ku Senga Bay. Madzi otsika m'mapiri a Dowa ndi Dedza, kudzera m'mitsinje ngati Linthipe, Lilongwe ndi Lingadzi, amafika kuno ali paliwiro kenaka n'kusowa potsetserekera. Kale ankapumira m'madambo, ngati la Mpatsanjoka, momwe bango ndi udzu zinkawagwira mpaka alowe pansi kapena atsike pang'onopang'ono. Anthu ankamanga pamalo okwera pomwe pamamera milambe, kudambo n'kusiyako mpunga, madimba ndi ng'ombe.

Tauni idabwera ndi njanji. Sitima yapamtunda yochokera ku Blantyre idafika ku Salima mu 1935, kudzera ku Chipoka, ndipo kwa zaka zoposa 40 njanjiyo idathera pompano, isanapitirire ku Lilongwe mu 1979. Thonje, mtedza ndi fodya zinkakwezedwa pano, motero masitolo, nyumba zosungiramo katundu ndi za antchito zidazungulira siteshoni. Adasankha malowa ndi anthu oganiza za magudumu a sitima, amene amakonda pathyathyathya. Koma njanji kapena msewu wa tala pachidikha umamangidwa pamtumbira wautali, ndipo mtumbira woterowo, ngakhale uli ndi makalavati apa ndi apo, kwa madzi ndi khoma basi. Misewu ya M5 ndi M14 itakhazikika, malonda n'kukokera ku Kamuzu Road, makoma oterewa adachuluka.

Zotsatira tonse tidaziona ndi maso. Udzu wapadenga udasanduka malata, bwalo losesa lidasanduka simenti, mpanda wa nkhadze udasanduka wa njerwa, ndipo m'mphepete mwa dambo mudayamba kudulidwa mapoloti chifukwa m'motchipa. Tiwerengere limodzi: milimita imodzi ya mvula ikagwa pamalo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, ndi lita imodzi ya madzi. Denga la mamita 10 uku ndi 10 uku, pamvula ya mamilimita 30 yomwe kuno imatha kugwa nsima isanapse, limakhuthula malita 3,000, madiramu 15 athunthu. Pamene padali tchire, ambiri mwa madziwa ankamwedwa pomwepo. Lero amatuluka pabowo la pansi pa mpanda kupita kwa mnzako.

Yankho lomwe aliyense amafuna ndi ngalande ya simenti, ndipo sindiwadzudzula: imaoneka, ndipo wandale akhoza kuiloza pamsonkhano. Chovuta n'chakuti ngalande imagwira ntchito ndi kutsetsereka. Pomwe palibe potsetsereka, madzi amayenda ngati nkhono, mchenga n'kukhazikika, timajumbo n'kutseka pakamwa pa kalavati. Mapepala apulasitiki opyapyala adaletsedwa mu 2015, khoti lalikulu la apilo n'kutsimikiza chiletsocho mu 2019, koma kasuzumireni mu kalavati iliyonse ya pafupi ndi msika muone ngati iwo adamva.

Ndiye pakabwera mlangizi n'kunena kuti tikumbe maswale (ngalande zosaya zogwira madzi a mvula kuti alowe pansi), tidzale udzu wa vetiva m'mbali mwa msewu, tisiye dambo lipume, achinyamata amangoti n'zachikale pomwe akuluakulu ena amachita tsinya. Tsinya limeneli lili ndi mbiri, ndipo dzina lake ndi malimidwe, malamulo a ulimi omwe atsamunda ankakakamiza anthu kutsatira.

Mu 1946 boma la atsamunda la Nyasaland lidakhazikitsa lamulo losamalira zachilengedwe, ndipo njala ya 1949 itadutsa, m'nthawi ya bwanamkubwa Geoffrey Colby, lidayamba kulikakamiza mwamphamvu. Makolo athu omwe ankalima pamatutu adauzidwa kuti aunde mizere yopingasa, akumbe migula, asiye kulima m'mphepete mwa mitsinje. Mfundo yake inali yomwe ija tikuimva lero: madzi agwidwe pomwe agwera, asathamange. Koma idabwera ndi akapitawo, chindapusa ndi ndende. Migula inkakumbidwa m'chilimwe nthaka ili gwa, popanda malipiro, ndipo lamulo silinkasiyanitsa kwenikweni munda wa paphiri ndi wa pachidikha, pomwe kusunga madzi m'mizere kukhoza kuoletsa mbewu. Chidani cha malimidwe chidathandiza kwambiri kuti chipani cha Nyasaland African Congress chifike m'midzi m'zaka za m'ma 1950. Munthu yemwe bambo ake adalipitsidwa chifukwa cha mgula sangamve mawu oti "kumbani apa" ngati uphungu wamba. Ine ndimaona kuti apa mpamene nzeru yabwino idatayira mbiri yake, ndipo idatenga zaka zambiri kuti ibwerere.

Idabwerera mwakachetechete, kudzera kumunda. Alangizi adaphunzitsa akalozera ndi ngonyeka, ndipo cha m'ma 1990 vetiva adafalikira m'madera ambiri. Udzu umenewu uli ndi khalidwe: mizu yake imalowa pansi molunjika mamita awiri kapena atatu, suyanga m'munda, ndipo ukadzalidwa mothithikana umasefa dothi madzi n'kudutsa mofatsa. Masiku ano pa ntchito za mthandizi anthu amakumba maswale ndi kutseka zigwembe, ndipo kusiyana kwake ndi malimidwe n'koti tsopano amalandirapo kangachepe. Chodabwitsa n'choti zonsezi timaziona ngati za kumudzi. M'tauni mukalowa, timafuna simenti. Pomwe mayiko a simenti yambiri akubwerera ku dothi: ku China mu 2015 boma lidasankha mizinda 16 yoyeserera kuti izimwa madzi ngati siponji, ndipo mzinda wa Philadelphia ku America udayamba mu 2011 ndondomeko ya zaka 25 yogwira madzi a mvula ndi mitengo, timinda ta m'mbali mwa msewu ndi njerwa zolowetsa madzi.

Komabe a tsinya aja sakulakwa pa zonse, ndipo olimbikitsa udzu amafulumira kudumpha mbali imeneyi. Salima ili ndi nthaka ziwiri zosiyana ngati usana ndi usiku. Pamchenga, dzenje lodzaza miyala pansi pa denga limamwa madzi tsiku lisanathe. Pamakande, dothi lakuda lija lomwe limang'ambika m'chilimwe, likanyowa limatupa n'kutseka, ndiye swale imasanduka chithaphwi. Udzudzu umafuna sabata kapena kupitirirapo kuti uchoke padzira kufika pouluka, choncho dzenje lomwe silikuphwa pamasiku awiri kapena atatu likuweta malungo. Kufupi ndi nyanja, madzi apansi ali pafupi kwambiri; mu 2024 nyanja itakwera n'kulowa m'malo ogona alendo a m'mphepete mwake, panalibe nthaka yoti imwenso kanthu. Palinso zimbudzi zokumba ndi zitsime zosaya zomwe zili moyandikana m'mapoloti ambiri: kulowetsa madzi pansi pafupi ndi chimbudzi n'kuitana kolera. Pamalo oterewa chofunika ndi malo otakasuka oti madzi adikhepo kutali ndi nyumba, ndipo malo amenewo ndi dambo lomwe lija tidagulitsa. Akale adati madzi saiwala khwawa. Vuto n'loti khwawalo lero lili ndi mwini wake, ali ndi pepala la mfumu m'thumba.

Apa mpomwe mkangano umasiya kukhala wa udzu ndi simenti n'kukhala wa malo. Amfumu adagawa, khonsolo ili ndi mapu ake, wogula adamanga kale mpaka palinta. Mitengo nayo, yomwe timadzala pakati pa 15 Disembala ndi 15 Epulo chaka ndi chaka, m'tauni imakumana ndi mbuzi isanafike m'bondo, ndipo ya m'mbali mwa msewu ilibe woitchinjiriza chifukwa ndi ya aliyense.

M'dera lomwe ndimakhala nkhaniyi idafika kwa amfumu dzinja lathali. Mabanja anayi, kanjira kamodzi. Mayi wina wamasiye, yemwe nyumba yake ndi yotsika kuposa zonse, adapempha kuti aliyense asiye mkono umodzi wa poloti yake m'mbali mwa kanjirako, pakumbidwe ngalande yosaya, yotakata, pabzalidwe vetiva ndi nthochi. Awiri adavomera. Wachitatu, yemwe adathira simenti bwalo lonse, adati, "Mayi, ine mpanda ndidamanga ndi ndalama, sindingagumule chifukwa cha udzu." Amfumu adagamula kuti aboole mpandawo chakumunsi ndipo aike thanki pansi pa denga. Bowolo adaboola. Thanki akuti akudikira agulitse mpunga. Vetiva wa awiri aja wafika m'chiuno, ndipo pomwe wathera, pageti la wachitatuyo, pali kachithaphwi komwe ana amayandamitsapo mapepala.