Kodi seva ya pasukulu imadya bandulo?

Mu Chipata mwafala mphekesera yoti ukatsegula masamba a maphunziro a pa seva ya pasukulu, bandulo yako ya MTN kapena Airtel imatha mwakachetechete. Limenelo ndi bodza. Sevayo ndi kompyuta ya pasukulu pomwepo. Foni imalumikizana nayo pa Wi-Fi, ndipo adiresi ya sevayo, yomwe imayamba ndi manambala 192.168, siigwira ntchito pa intaneti. Kampani ya foni siidziwa n'komwe.

Nanga bandulo imathera kuti? Mafoni ambiri akaona kuti Wi-Fi ilibe intaneti amabwerera okha ku data, ndiye WhatsApp ndi Facebook n'kuyamba kudya. Zimitsani data musanalumikize. Mukafika kunyumba ku Kapata masambawo sadzatseguka, koma musathamangire kwa okonza mafoni, mwangochoka pa netiweki ya sukulu.