Kodi pulasitiki wa mu microwave amatulutsa poizoni wa dioxin?

Kwa zaka zoposa 20, uthenga wakhala ukuzungulira wonena kuti kutenthetsa chakudya m'kontena ya pulasitiki mu microwave kumatulutsa poizoni wa dioxin yemwe amayambitsa khansa, ndipo amene amaufalitsa amati ndi chenjezo lochokera ku Johns Hopkins, yunivesite ya ku America. Yunivesiteyo inakana poyera kuti sinalembe uthengawo.

Dioxin ndi woopsadi, koma amapangika zinthu zokhala ndi chlorine zikamapsa pamoto waukulu, monga momwe zimakhalira tikamatentha zinyalala zosakanikirana ndi mapulasitiki kuseri kwa nyumba. Microwave imatenthetsa makamaka madzi a m'chakudya, omwe amawira pa madigiri 100, ndipo kutentha kotere n'kochepa kwambiri moti sikungapange dioxin.

Komabe mphekeserayi ili ndi kachoonadi kena kamene sitiyenera kukanyalanyaza. Mankhwala ena amene amaikidwa m'pulasitiki kuti afewe kapena alimbe, monga phthalates ndi BPA, amatha kulowa pang'ono m'chakudya chotentha, makamaka chamafuta ngati nyama kapena tchizi, chifukwa mafuta amatentha kuposa madzi. N'chifukwa chake kontena ya majarini, jumbo ndi timabokosi toyera togulitsiramo tchipisi n'zosayenera mu microwave: sizinapangidwire kutentha ndipo zimatha kusungunuka.

Mbale yagalasi kapena yadothi yopanda mkombero wachitsulo ndiyo yabwino koposa. Ngati ndi yapulasitiki, onani pansi pake ngati palembedwa kuti ndi yoyenera microwave, ndipo pepala lapulasitiki lovindikira lisakhudze chakudyacho.