Chipinda nambala 2 ku Chigasaki-kan

M'tauni ya Chigasaki, m'mphepete mwa nyanja kumwera chakumadzulo kwa Tokyo, muli nyumba yamatabwa yogona alendo yotchedwa Chigasaki-kan. Inatsegulidwa mu 1899. Chivomezi cha 1923 chinagumula mbali yake yaikulu, eni ake n'kuimanganso. Mwayi wake unabwera mu 1936, pamene kampani ya mafilimu ya Shochiku inasamutsa situdiyo yake kuchoka ku Kamata kupita ku Ofuna, ulendo waufupi pa sitima kuchokera ku Chigasaki.

Kalelo makampani a mafilimu ku Japan ankakonda kubindikiritsa olemba awo m'nyumba za alendo mpaka nkhani itapsa. Malo ogona ndi chakudya zinali pamutu pa kampani, wolemba yake inali kulemba basi. Wopanga mafilimu Akira Kurosawa ndi anzake awiri analemba filimu ya Seven Samurai mwanjira yomweyi, atadzitsekera m'nyumba ya alendo ya m'tauni ya Atami. Anthu a Shochiku ankapita ku Chigasaki-kan, ndipo wopanga mafilimu Yasujiro Ozu anayamba kufikako mu 1937. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, chipinda nambala 2 chinangokhala ngati chake.

M'chipinda chimenechi ndi mmene iye ndi mnzake Kogo Noda analembera mafilimu a Late Spring ya 1949, Early Summer ya 1951 ndi Tokyo Story ya 1953. Bwana wa masiku ano ataona kagwiridwe kawo ka ntchito akhoza kudwala mutu. Ankapita kokawongola miyendo kunyanja, masana n'kugonako pang'ono, madzulo n'kukhala pansi ndi sake, mowa wa mpunga uja, kumakambirana za anthu a m'nkhani yawo mpaka usiku kwambiri. Atamaliza Tokyo Story, Ozu analemba m'buku lake kuti ntchitoyo yadya masiku 103 ndi mabotolo 43. Akabwera alendo ankawaphikira yekha nyama m'chipinda momwemo, atathiramo zokometsera za curry, moti mafuta ake anadetsa matabwa a kudenga. Eni nyumba sanachotse madonthowo. Lero ndi amene alendo amafuna kuona.

Amene anaonerapo mafilimu a Ozu sangadabwe kuti anabadwira m'chipinda chotere. Kamera ankaiika pansi kwambiri, pafupifupi pamene pangafike maso a munthu wokhala pamphasa, ndipo kawirikawiri sankaisuntha. Munthu amalowa, kukhala, kulankhula zochepa, kutuluka, chipinda n'kutsala chokha kwa kamphindi. Ine ndimaona kuti wophunzira aliyense amene wapatsidwa ntchito yojambula kanema wotsatsa hotela ayenera kuyambira pamenepa, asanathamangire kuulutsa kamera pamwamba pa damu losambira. Komabe Ozu sanali wotsatsa malonda a wina aliyense. Mu Tokyo Story ana amatumiza makolo awo okalamba ku nyumba ya alendo ya ku Atami pofuna kuti awachoke m'maso, ndipo nkhalambazo zimachezera usiku osaona tulo chifukwa cha phokoso la achinyamata osewera mahjong, masewera apatebulo aphokoso ochokera ku China. Mwini hotela aliyense angakane kanema wotero.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, Ozu ndi Noda anasamutsira ntchito yolemba kumapiri a Tateshina, m'chigawo cha Nagano. Ozu anamwalira pa 12 December 1963, tsiku lomwe ankakwanitsa zaka 60, ndipo situdiyo ya ku Ofuna inatsekedwa mu 2000. Koma opanga mafilimu sanaleke kupita ku Chigasaki-kan. Hirokazu Kore-eda wakhala akukalembera komweko nkhani za mafilimu ake. Cha m'ma 2014, Takuya Misawa, yemwe panthawiyo anali akadali pasukulu ya zamafilimu ya Japan Institute of the Moving Image, anajambula filimu yake yoyamba, Chigasaki Story, m'zipinda ndi m'makonde a nyumba yomweyi, ndipo inakaonetsedwa pa zikondwerero za mafilimu kunja kwa Japan.