Magolovesi satsuka manja

Ndatopa nalo yankho ili m'chipinda cha ana akhanda kuchipatala, ndikafunsa munthu ngati wasamba m'manja: "Koma ndavala magolovesi." Golovesi imateteza dzanja la amene waivala, koma siletsa tizilombo kumatirira kunja kwake. Namwino akasintha thewera la mwana uyu, n'kugwira foni, kenako n'kukonza kachubu ka diripi ka mwana wina ndi magolovesi omwewo, wanyamula tizilombo pabedi lina n'kukatitula pabedi linzake. Ngakhale atavula, ayenera kusambabe, chifukwa povula pomwepo manja amada.

Tizilombo timene tikulimbana nato masiku ano, monga Klebsiella pneumoniae, Acinetobacter ndi MRSA (mtundu wa bakiteriya wa Staphylococcus wosamva mankhwala ambiri), kawirikawiri sitimvanso ampicillin ndi gentamicin, mankhwala amene timayambira mwana wakhanda akadwala matenda a m'magazi. Kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2022 adapeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse adafa ndi mabakiteriya osamva mankhwala.

Pali kamwana kamene sindikaiwala. Kadabadwa masiku asanakwane, koma kadali katayamba kuyamwa bwino, sikelo ikukwera, mayi ake akuyembekeza tsiku lotuluka. M'mawa wina tidakapeza kali lefu, thupi lozizira, mimba itatupa. Tidakapatsa mankhwala, tidasintha n'kuika ceftriaxone, osaphula kanthu. Zotsatira za magazi zidabwera zikuonetsa Klebsiella kamwanako katatisiya kale. Kamwanako sikadabadwe nako kachilomboko. Kadakapeza m'chipatala, pamene kadabwera kudzatetezedwa. Zimandipwetekabe mtima mpaka lero.

Chofunika si chachikulu ayi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati kupaka sanitaiza kutenge masekondi 20 mpaka 30, kusamba ndi sopo masekondi 40 mpaka 60, ndipo manja akaoneka akuda, sopo ndi madzi basi. Pakati pa zala, chala chachikulu ndi kunsonga ndi kumene anthu amalumpha. Mphete, wotchi ndi zikhadabo zomata zilibe malo m'chipinda chimenechi. Pansi pake ndi pobisala tizilombo. Ndikudziwa kuti namwino mmodzi amatha kukhala ndi ana ambiri, koma kuchuluka kwa anako ndi kumene kumachititsa dzanja limodzi kukhala loopsa.

Inu amayi ndi abambo, muli ndi ufulu wofunsa aliyense amene akufuna kugwira mwana wanu ngati wasamba m'manja, kaya ndi dokotala. Namwino wodziwa ntchito yake sangakwiye.

Mukatuluka m'chipatala, mwana akakana bere, akamapuma mofulumira, akatentha kapena kuzizira thupi, akakomoka, kapena mchombo ukafiira n'kumatuluka mafinya, musadikire kuti muone mawa. Mwana wa masiku ochepa matenda a m'magazi amamugonjetsa m'maola chabe. Ndipo chonde, musamugulire makapisozi kwa ogulitsa mankhwala mwachisawawa, kapena kumutsanulira m'kamwa mankhwala otsala a mkulu wake. Mlingo wake ndi wolakwika, zizindikiro zimabisika, mumataya nthawi, ndipo tizilombo totsalato n'timene timadzakana mankhwala athu mwanayo akafika kwa ife atafooka kale.