Ali ndi Baba: mbiri ya lamulo la 30 peresenti ku Malaysia

Ku Malaysia mukamva wina akuti kampani yakutiyakuti ndi ya "Ali Baba", dziwani kuti akunena za anthu awiri. Ali ndi Mmalay amene dzina lake lili pa chiphaso cha boma. Baba ndi Mtchaina amene ali ndi ndalama, makina ndi antchito. Ali amasaina mapepala, kulandira yake, n'kubwerera kunyumba, ntchito yonse n'kutsalira Baba. Maukwati otere anachuluka chifukwa cha nambala imodzi imene boma linaika mu 1971, ndipo mpaka lero nambalayo sinakwane.

Muzu wa nkhaniyi uli m'nthawi ya atsamunda. Angelezi akulamulira, Atchaina anabwera mwaunyinji kudzakumba chitsulo cha tin ndi kutsegula masitolo, Amwenye anawatengera m'minda ikuluikulu ya labala, pomwe Amalay anatsala kumudzi ndi mpunga ndi maukonde awo. Ufulu utabwera mu 1957, ndale zinagwera m'manja mwa Amalay kudzera m'chipani cha UMNO, ndipo ndime 153 ya malamulo aakulu a dziko inawapatsa malo apadera pa ntchito za boma, maphunziro ndi ziphaso za malonda. Mpando anali nawo, koma m'thumba munalibe kanthu.

Pa chisankho cha pa 10 May 1969, zipani zotsutsa zimene Atchaina ambiri ankazikonda zinachita bwino, ndipo patangopita masiku atatu mzinda wa Kuala Lumpur unayaka. Boma linati anafa anthu 196. Ambiri amakhulupirira kuti anaposa pamenepo. Nyumba ya malamulo inatsekedwa mpaka 1971, nduna yaikulu Tunku Abdul Rahman anatula pansi udindo, ndipo amene anamulowa m'malo, Abdul Razak, anabweretsa ndondomeko yotchedwa New Economic Policy. Inali ndi zolinga ziwiri: kuthetsa umphawi mosayang'ana mtundu, ndi kuthetsa zoti ntchito ya munthu izidziwika pongomva mtundu wake. Pofika 1990, Amalay ndi mitundu ina ya eni nthaka, imene pamodzi amaitcha Bumiputera, inayenera kukhala ndi 30 peresenti ya masheya a makampani.

Mu 1970 eni nthakawo anali ndi 2.4 peresenti yokha. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti gawo lalikulu silinali la Atchaina ayi: loposa 60 peresenti linali la akunja, makamaka makampani a ku Britain. Apa boma linachenjera. Linakhazikitsa bungwe la Permodalan Nasional Berhad mu 1978, ndipo m'mawa wa pa 7 September 1981 bungweli linagula masheya a Guthrie, kampani yaikulu ya minda ya Angelezi, pa msika wa ku London m'maola ochepa chabe, eni ake asanadzuke bwinobwino. Masheya ogulidwa motere anawaduladula n'kuwagulitsa kwa Amalay wamba mamiliyoni. Kuphatikiza ndi sukulu zogonera, malo a ku yunivesite ndi ntchito za m'tauni, ana a alimi a mpunga anasanduka madokotala ndi mainjiniya. Umphawi unatsika kuchoka pa 49 peresenti mu 1970 kufika pafupifupi 17 mu 1990. Amene amati ndondomeko yonseyi inali yachabe sanawerenge mbali iyi.

Povuta panali pa makampani a anthu. Lamulo la 1975 la Industrial Coordination Act linati fakitale iliyonse yokulirapo itenge chiphaso, ndipo chiphasocho chimabwera ndi mfundo ya masheya a eni nthaka. Mtchaina amene anamanga fakitale yake ndi thukuta anaona kuti kukula n'kudziitanira mnzake wodya nawo. Ena anasankha kukhalabe aang'ono, ena anagawa bizinesi m'timakampani tambiri, ena anasamutsa ndalama. Mpondamatiki wa shuga Robert Kuok anasamukira ku Hong Kong m'zaka zomwezo. Chodabwitsa, makampani akunja opanga katundu wogulitsa kunja, monga Intel imene inafika ku Penang mu 1972, lamuloli silinawakhudze kwenikweni. Chuma chitagwa mu 1985, nduna yaikulu ya nthawiyo Mahathir Mohamad anamasula chingwe chaka chotsatira, nalola wakunja kukhala mwini fakitale yonse ngati akugulitsa kunja theka la katundu wake. Mafakitale a ku Japan ndi Taiwan anakhamukira komweko. Ndalama zinalowa ndendende pamalo pamene lamulo linachotsedwa.

Nanga 30 peresenti ija, ndani ankaigawa? Funso limeneli ndilo mtima wa katangale yense. Kampani ikafuna kulowa pa msika wa masheya, unduna wa zamalonda ndiwo unkasankha Amalay oti agule gawolo pa mtengo wotsika. Wodziwana ndi nduna kapena wamkulu wa nthambi ya UMNO ankalandira, n'kugulitsa msika ukangotsegula. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Najib Razak, mwana wa Abdul Razak yemwe uja, ananena yekha mu 2009 ali nduna yaikulu kuti mwa masheya a ndalama zokwana 54 biliyoni ringgit amene anagawidwa kwa eni nthaka, amene anatsala m'manja mwawo anali a 2 biliyoni basi. Ziphaso zoitanitsira magalimoto kunja zinkayenda chimodzimodzi, ndipo mu 2005 zinayambanitsa Mahathir ndi nduna yake yakale Rafidah Aziz zitadziwika kuti zambiri zinapita kwa anthu owerengeka.

Mahathir ankafuna kuumba mabwana achimalay oti apikisane ndi Atchaina, choncho katundu wa boma anaperekedwa kwa osankhidwa popanda mpikisano weniweni. Halim Saad wa kampani ya Renong anali kumbuyo kwa msewu waukulu wochoka kumpoto kufika kumwera, Tajudin Ramli anatenga Malaysia Airlines mu 1994. Mavuto a zachuma a 1997 atawomba, boma lomwelo linawapulumutsa. Masheya a Tajudin linawagula pa 8 ringgit imodzi pamene pamsika sankafika ndi 4 yomwe. Msodzi wamba wa ku chigawo cha Kelantan, amene ankati lamuloli ndi lomuthandiza, analipira nawo ngongoleyo.

Chaka cha 1990 chinafika eni nthaka ali pa 19.3 peresenti, ndiye ndondomekoyo inangosintha dzina n'kupitirira. Mu 2006 gulu la akatswiri la ASLI linati kuwerengera mtengo weniweni wa pamsika, ndi kuphatikiza makampani a boma, gawolo linali litafika pafupifupi 45. Boma linakana mwaukali, linati ndi 18.9, ndipo Lim Teck Ghee amene anatsogolera kafukufukuyo anasiya ntchito. Najib anatsitsa gawo lofunika polowa pa msika kufika 12.5 mu 2009, iye mwini asanalowe m'ndende mu 2022 pa mlandu wokhudzana ndi ndalama za kampani ya boma ya 1MDB. Mu 2021 boma linalengeza kuti eni nthaka ali pa 17.2 peresenti, ndipo linaikanso 30 ngati cholinga.